Njinga ya kaunjika ya magiya 21 pa mapiri a Dedza: imakwera, nanga kutsika?

Njinga zimene tikuzinena pano ndi zija zobwera zitagwirako kale ntchito kunja: matayala a mainchi 26, magiya atatu kutsogolo ndi asanu ndi awiri kumbuyo, mabuleki a waya ogwira pa limu. Kwa munthu wofuna kuyenda ulendo wa masiku angapo m'misewu yopanda phokoso ya kuno, kuchoka pa Boma la Dedza, kuzungulira ku Chongoni, kenako kutsikira ku Golomoti ndi ku Mua, njinga imeneyi ndi yoyenera. Koma osati mmene mwaigulira.

Ubwino wake waukulu uli pa chitunda. Njinga ya kabaza ya giya imodzi, ya mano 44 kutsogolo ndi 18 kumbuyo, imayenda mamita opitirira 5 mukapalasa kamodzi. Pa chidikha n'zokoma, koma pa zitunda za ku Bembeke mutsika n'kumaikankha basi. Ya magiyayi, mukaika tcheni pa mano 24 kutsogolo ndi 28 kumbuyo, imayenda mamita osakwana 2 pa kupalasa kumodzi, ndiye mumakwera mutakhala pa chishalo, katundu ali pa kaliyala. Werengani manowo musanapereke ndalama. Zambiri zimabwera ndi giya yaing'ono ya kutsogolo ya mano 28, imene ndi yolimba kwa munthu wonyamula makilogalamu 15. Mankhwala ake ndi kusintha fuluwilo (magiya a kumbuyo) n'kuika ya mano 14 mpaka 34, monga MegaRange ya Shimano, bola chosinthira magiya cha kumbuyo chikhale cha mkono wautali. Chachifupi sichifika pa mano 34, ndipo mukachikakamiza chimalowa m'masipoko.

Ubwino wina ndi wa saizi ya matayala. Chubu ndi tayala la 26 mungazifunse kwa amisiri a pa Lizulu, pa Linthipe kapena pa Golomoti. Za 27.5 ndi 29 n'zokongola m'tauni, koma zikang'ambika kumudzi ulendo wathera pomwepo.

Tsopano potsika, pamene pali nkhani yeniyeni. Tauni ya Dedza ili pa mamita pafupifupi 1,600 kuchokera pa mlingo wa nyanja yamchere, ndipo Golomoti ili m'chigwa cha nyanja ya Malawi, pafupifupi mamita 1,000 pansi pake. Msewu wochoka pa M1 pa Masasa, umene ambiri amautcha Khwekhwerere, umataya kutalika konseko m'makona otsatizana. Magalimoto si ambiri ngati pa M1, phula lilipo, maso amaona kutali. Vuto n'lakuti mphamvu yambiri ya kulemera kwanu ndi katundu wanu imasanduka moto pa malimu awiri. Mukagwira buleki osasiya, limu imatentha, mpweya wa m'chubu umafufuma, ndipo guluu wa zigamba amafewa. Chubu chokhala ndi zigamba zitatu chimene chimayenda bwinobwino pa Boma chimaphwa pakati pa phiri, ndipo likakhala tayala la kutsogolo pa kona, munthu amagwa.

Ndiye musanatsike ikani machubu atsopano konsekonse, a zigamba akhale osungira m'chikwama. Mpweya usapitirire 45 psi (muyeso wa mpweya wa m'tayala) pa tayala la 26 x 1.95. Gwirani mabuleki mwamphamvu musanafike pa kona, liwiro litsike, kenako asiyeni kuti limu ipume; kumangowagwira pang'onopang'ono njira yonse ndi kumene kumaotcha. Ambiri amaopa buleki ya kutsogolo poganiza kuti iwaponya, chonsecho ndi imene imaimitsa njinga. Ya kumbuyo yokha imangokhwekhwereza tayala, makamaka pamene mvula yasiya mchenga pa phula. Bwererani m'mbuyo pa chishalo, manja muwongole, mugwire zonse ziwiri. Imani kangapo n'kukhudza limu ndi chala: ikakuotchani, dikirani izizire.

Pogula, mabulekiwa ndi amene ogulitsa amawabisa ndi kupukuta. Yendetsani chala pa limu pamene pamagwira mphira za buleki. Pakhale pophwatalala; pakalowa ngati supuni, limuyo yadyeka ndipo ikhoza kung'ambika. Mphira zikhale ndi mizere yake yooneka, ndipo zigwire pa chitsulo, osakhudza tayala, chifukwa mphira yokwera pang'ono imacheka m'mbali mwa tayala mpaka chubu kutulukira. Mawaya a dzimbiri kapena amene ayamba kumasuka ulusi sinthani, musawadzoze mafuta n'kumadzinamiza.

Chofooka chachiwiri ndi gudumu la kumbuyo. Pa njinga za fuluwilo yopotera, ekiselo imatalika mbali ya tcheni popanda chochirikiza, ndiye ikalemedwa pa msewu wa mabampu imapindika kapena kuthyoka. Chizindikiro chake: gudumu limagwedera mukaligwira m'mbali, ndipo magiya amavina likamazungulira. Njinga iyi si yonyamulira thumba la kachewere ngati ya kabaza. Makaliyala ambiri a aluminiyamu amalembedwa makilogalamu 25, ndipo ndi bwino kukhala pansi pa pamenepo, katundu mutamugawa mbali ziwiri, osati kumuunjika pamwamba. Sankhani gudumu la masipoko 36, ndipo mmisiri awakoke onse mofanana musananyamuke. Sipoko imodzi ikaduka, limu imapotoka n'kuyamba kukhula pa mphira, ndiye munthu amamasula buleki kuti ayende. Kumasula buleki pa Khwekhwerere ayi.

Tcheni chiyeseni ndi rula. Kuyambira pa pini imodzi, pini ina iyenera kugwera ndendende pa mainchi 12. Ikapitirira ndi mamilimita 3, tcheni chatha ndipo chadya kale mano; mukasintha tcheni chokha chizidumpha pa chitunda.

Za foloko ya masipuling'i sitichedwapo. Pa njinga zotsika mtengo imakhala itauma kale, imangolemera. Yopanda masipuling'i ndi yabwino, ndipo felemu ya sipuling'i pakati isiyeni, ilibe ndi pomangira kaliyala pomwe.

Pa fumbi njingayi imasangalatsa. Njira zopita ku mapanga a zojambula zakale a ku Chongoni, amene UNESCO inawazindikira mu 2006, monga Chentcherere ndi Mphunzi, ndi za dothi ndi miyala, ndipo matayala otambalala amagwira bwino mukatsitsa mpweya kufika pa 35 psi. Izi n'za nyengo yopanda mvula. Kuyambira Disembala mpaka Malichi matope amamatirira pakati pa tayala ndi mabuleki mpaka gudumu kukana kuzungulira, ndipo mchenga wa m'matopewo umamaliza mphira msanga. Juni ndi Julayi misewu ndi youma, koma m'mawa nkhungu imaphimba mapiri ndipo zala zimauma ndi chisanu, zomwe si zabwino kwa munthu wodalira zala pa buleki. Valani magolovesi, kapena dikirani dzuwa likwere. Pa chigawo cha M1 chimene simungachipewe, ikani nyali yofiira kumbuyo ngakhale masana, poti mathiraki ndi maminibasi sapatuka.

Mukafika ku Golomoti n'kulowa M5 kulowera ku Mua, kumene kuli mishoni ya 1902 ndi malo a zachikhalidwe a Kungoni, msewu ndi wachidikha, kotentha, ndipo mdani amasanduka minga ya m'mbali mwa msewu. Madzi malita 2 ndi ochepa mu Okutobala.

Amisiri a m'njira amadziwa kumata chubu, kuwongola limu ndi kuika girizi, koma si onse ali ndi zida za njinga ya magiya, ndipo fuluwilo yochotsedwa ndi hamala sibwereranso mwakale. Nyamulani makiyi a Allen a 4, 5 ndi 6, sipanala ya 15, chodulira tcheni, mphira zinayi, waya mmodzi wa buleki, masipoko atatu a saizi yanu ndi pampu yogwirizana ndi valavu yanu. Machubu a valavu yonenepa ngati ya galimoto ndi abwino chifukwa mungapope ndi pa filing'i siteshoni pomwe.

Pokambirana mtengo, chotsani pa ndalama imene akutchulayo ya machubu awiri, mphira, mawaya ndi fuluwilo, chifukwa zimenezi mugula ndithu. Limu yodyeka kapena felemu ya mng'alu pafupi ndi chiwongolero, ibwezeni njingayo muone ina.