Labu ya ku Blantyre komwe timayezetsa CEA ya bambo

Ndine mphunzitsi wa pulayimale, ndimakhala ku Chitakale kuno ku Mulanje. Chaka chathachi ndapita kanayi ku labu ina yolipira mu Blantyre kukayezetsa magazi a bambo anga. Dzina lake sinditchula, poti pali zina zomwe zidandikhumudwitsa.

Bambo adawapeza ndi khansa ya m'matumbo aakulu ndipo adawachita opaleshoni ku Queens. Asanawachite, adokotala adatituma kukayezetsa CEA. Iyi ndi puloteni imene chotupa cha m'matumbo chimatha kutulutsira m'magazi. Adatiuza kuti ikakhala yokwera opaleshoni isanachitike, mwayi woti matenda abwererenso umakhala waukulu, ndipo munthu wotero amamuyang'anitsitsa. Ya bambo idatuluka 18, pomwe pepala limati malire ndi 5 ng/mL. Patatha masabata asanu ndi limodzi chotupa atachichotsa, idatsika kufika 3.1. Tsiku limenelo mayi adapha nkhuku.

Zabwino za pamalopa zilipo. Timanyamuka kukadali mdima, minibasi kudzera ku Luchenza ndi m'minda ya tiyi ya Thyolo mpaka ku Limbe, n'kukweranso ina ya m'tauni. Tikafika bambo amakhala atatheratu, koma sitidadikirepo kuposa theka la ola. Mayi amene amatenga magazi ali ndi dzanja. Mitsempha ya bambo imabisala, makamaka nthawi ya chiperoni akazizidwa, koma iwo amayamba awasisita mkono, n'kumawafunsa za nanazi za ku Mulanje, kenako jakisoni kamodzi basi, kabotolo kadzadza. Amawatchula kuti "agogo", ndipo bambo, amene sakonda zachipatala, amatuluka akumwetulira. Zotsatira amatumiza pa WhatsApp, ndiye sitiwononganso ya thiransipoti kukatenga pepala.

Vuto lili pa pepalalo. Ulendo wachitatu idatuluka 4.0, tidangoti zikomo. Wachinayi uthenga udalowa Lachisanu madzulo ndikuchonga makope: 5.6, chilembo H chofiira pambali pake, chosonyeza kuti yadutsa malire. Palibe mawu ena alionse, ngakhale zotsatira zakale zoti ndiyerekezere, chikhalirecho zonse zili mu kompyuta yawo. Ndidaimba foni. Mnyamata wa pa kauntala adati, "Amayi, yakwera, ndiye kuti mwina yabwereranso. Bwerani tiwayezenso CA 19-9, tili ndi phukusi lotsika mtengo." Munthu woti si dokotala, kunena mawu otero pa foni kwa mwana wa wodwala! Loweruka ndi Lamulungu nsima sidalowe. Mayi sindidawauze, ndinkangoti mutu ukundiwawa.

Adokotala atationa adaika mapepala onse anayi pa tebulo motsatana. Adati nambala imodzi sigamula mlandu, chimene amayang'ana ndi kayendedwe kake, ngati ikukwerabe ulendo ndi ulendo. Adati CEA imakweranso ndi matenda a chiwindi, kutupa kwa m'matumbo, ndiponso fodya. Apa adacheukira bambo: "Bambo, mukusuta?" Bambo adayang'ana nsapato zawo. Kani adayambiranso chingambwe, amakasutira kuseri kwa khola la mbuzi. Ndidafuna kuseka ndi kulira pamodzi.

Komabe adokotala sadatinamize kuti ndi fodya basi. Adati tibwereze pakatha masabata angapo, ikakwerabe adzawajambula pa CT scan, makamaka chiwindi ndi mapapo, chifukwa khansa ya m'matumbo ikamafalikira imakonda kuyambira ku chiwindi. Za CA 19-9, chizindikiro china cha khansa chomwe amayeza m'magazi, adati pakali pano si yofunika, ndalamayo tisunge. Adawonjezanso kuti pali odwala ena omwe chotupa chawo sichikweza CEA ngakhale pang'ono, n'chifukwa chake siyezedwa pofuna kudziwa ngati munthu wabwinobwino ali ndi khansa. Izi ndikulembera dala, chifukwa pa khoma la labuyo pali chikalata chokopa anthu kuti abwere "kudzayezetsa khansa" ndi magazi, ndipo mnzanga wina wa kusukulu adatsala pang'ono kutayirapo malipiro ake.

Ndidafunsa ngati tingasinthe labu. Adakana. Adati makina amasiyana kawerengedwe, ndiye 5.6 ya kuno singayerekezedwe bwino ndi ya kwina. Choncho tibwererako komweko, ngakhale mtengo wake wakwera kawiri chiyambireni ndipo mtima wanga sudakhululuke za foni ija. Ndikafika ndikapempha kuti aziika zotsatira zakale pa pepala lomwelo, ndipo za tanthauzo lake sindidzafunsanso pa kauntala.

Tsiku lobwereza ndi Lachiwiri likubwerali. Fodya wa bambo ali m'chikwama changa cha kusukulu, ndipo chiyambire sabata yatha sakundilankhula bwino.