Tsiku lomwe ananditenga madzi a pamsana

Abale anga, ndakhala chete chifukwa mwezi wathawu ndinagonekedwa m'chipatala kuno ku England. Mutu unkawawa ngati ung'ambika, khosi gwa, kuwala kwa getsi kokha kunkandilasa m'maso. Dokotala anati akukayikira matenda oumitsa khosi, ndiye atenge madzi a pamsana akawayeze. Nditangomva zimenezo thupi lonse linazizira. Paja timauzana kuti munthu akangobayidwa pamsana ndiye kuti apuwala, mwinanso sadzukanso. Ndinakana.

Namwino wina wachikulire sanalimbane nane. Anangokoka silinda yokhala ndi kapaipi n'kundipatsa chopumira m'manja. Kuno amautcha Entonox: theka ndi mpweya wa nitrous oxide, theka ndi okosijeni, womwe uja amapatsa amayi pobereka. Chomwe chinandikhazika mtima pansi n'chakuti chopumiracho ndinkagwira ndekha. Mpweya umatuluka pokhapokha ukaukoka, ndipo ukayamba kusinza dzanja limagwa lokha, basi wasiya.

Anandigoneka cham'mbali, mawondo pachifuwa, mutu wozolika ngati mwana m'mimba, n'kundiuza kuti ndikoke kaye kwa mphindi ziwiri kapena zitatu asanandikhudze. Milomo inachita dzanzi, zala zikunyerenyesa, mawu a dokotala akumveka ngati akuchokera kuseri kwa khoma. Kugona sindinagone ayi. Jakisoni wochititsa dzanzi pakhungu ndinamumva, kukankha kwa singano pakati pa mafupa ndinakumvanso, koma zonsezo zinali ngati zikuchitikira munthu wina. Akuti namwino atandifunsa dzina ndinangoseka. Nanga si ena amautcha mpweya woseketsa.

Madziwo anandionetsa. Oyera mbee ngati akumwa, m'timabotolo ting'onoting'ono, onse pamodzi mwina supuni imodzi yaikulu. Dokotala anandifotokozera kuti thupi limapanga pafupifupi mamililita 500 a madzi amenewa tsiku lililonse, ndiye otengedwawo amabwerera tsiku lomwelo. Singano nayo imalowa m'munsi mwenimweni, pakati pa mafupa omwe amawatcha L3 ndi L4 kapena L4 ndi L5, pomwe mtsempha waukulu wa msana watha kale. Apa ndinachita manyazi ndi kukana kwanga kuja. Ambiri omwe timati anafa ndi singano, ndikuona kuti chinawapha ndi matenda omwe anali atakula kale asanafike kuchipatala.

Nditasiya kukoka, pasanathe mphindi zisanu nzeru zinabwerera, kungotsala kanseru pang'ono. Mpweyawu sapatsa aliyense: anayamba andifunsa ngati ndili ndi vuto la mapapo kapena kuchepa kwa vitamini B12, chifukwa umasokoneza vitamini ameneyu.

Kwa masiku awiri mutu unkawawa ndikaimirira n'kuleka ndikagona chagada. Zotsatira zinaonetsa kuti anali matenda oumitsa khosi a vayirasi, osati a bakiteriya oopsa aja, ndipo ananditulutsa tsiku lachinayi. Amayi muwauze kuti ndikuyenda bwinobwino, ntchito ndayambanso Lolemba.