Kabotolo kamene kanabwera pa positi

Amene munandiona pa maliro a malume ku Chinamwali chaka chatha munkanong'onezana kuti kodi ku UK kulibe nsima, mayiyu wawonda bwanji chonchi. Ndinangokhala chete. Koma poti mphekesera yoti ndinalodzedwa yandipeza kuno ku Leeds, bola ndinene ndekha.

Kuno ku England munthu ukakwanitsa zaka 50, a NHS, a zaumoyo a boma, amakutumizira kabotolo koyezera khansa ya m'matumbo pa positi, kenako pa zaka ziwiri zilizonse mpaka 74. Pa chivindikiro pake pali kamtengo. Umapala pang'ono chimbudzi chako, kutseka, n'kukaponya m'bokosi la makalata. Ine mwana wa ku Sadzi, kutumiza chimbudzi pa positi! Kanakhala pamwamba pa firiji miyezi iwiri. Nanga panali pondipweteka? Ndinkagwira mashifiti a maola 12 kusamalira okalamba, wamphamvu zanga. Anachita kundikalipira ndi mwana wanga.

Anapezamo magazi amene maso saona, ndiye anandiitana ku colonoscopy. Chowawa ndi dzulo lake: sudya, umamwa mankhwala otsuka m'mimba malita awiri, n'kuchezera m'chimbudzi. Zinazo n'zopepuka. Amalowetsa kapaipi ka kamera kumbuyo, iwe uli chigonere cham'mbali. Pa sikirini ndinaona m'matumbo mwanga muli timinofu titatu, tomera ngati bowa. Amati ma polyp. Tiwiri anatidula pompo ndi kawaya, osamva kanthu. Kachitatu kanali kakakulu, katayamba kale kusanduka khansa. Timinofu totere timatha zaka pafupifupi 10 tikukula mwakachetechete, ndipo tambiri sitisanduka khansa n'komwe. Kanga kanasanduka.

Anandidula chigawo cha matumbo, ndipo miyezi isanu ndinakhala ndi thumba pamimba. Nsonga ya thumbo amaitulutsira pakhungu, yofiira ngati tomato wakupsa, chimbudzi n'kumagwera m'thumbamo. Tsiku loyamba sindinayang'anepo. Nesi anachita kundigwira dzanja, kundiphunzitsa kudula bowo ndi sizasi kuti likwane bwino. Choipa chake chinthuchi sichimva malamulo. Tsiku lina m'tchalitchi, abusa atangoti tipemphere chamumtima, chinalira. Ndinakhosomola dala, koma mochedwa.

Thumbalo anachotsa, matumbo analumikiza, koma m'mimba simunabwerere mwakale. Ndimapita kuchimbudzi kanayi kapena kasanu pa tsiku, ndipo chikabwera sichidikira. Kulikonse kumene ndafika ndimayamba ndafunsa komwe kuli chimbudzi. Tsiku lokwera minibasi kuchoka ku Limbe kubwera ku Zomba sindinadye chilichonse kuyambira m'mawa. Nyemba ndi kabichi zija ndinakana pa maliro, ena n'kumati ndayamba matama a kunja, chifukwa chake n'chimenechi. Nsima yofewa ndi matemba a ku Chilwa zimandiyanjabe, mwayi wanga.

Chimene chimandisowetsa tulo ndi bambo athu. Zaka ziwiri ankataya magazi pochita chimbudzi, ife tonse n'kumati ndi mudzi. Anamwa zitsamba mabotolo osawerengeka. Atawonda anthu anayamba kuloza matenda ena aja, mayi n'kumayenda chowerama. Palibe anawayang'ana m'matumbo. Dokotala wa kuno atandifunsa ngati kwathu wina anadwalapo khansa ya m'matumbo, ndinasowa choyankha. Anandiuza kuti ngati kholo kapena m'bale wako wa bere limodzi anaidwala, chiopsezo chako chimakhala pafupifupi kawiri kuposa cha ena. Ndiye kuti inu abale anga mwalowamo kudzera mwa ine.

Kumudzi kabotolo sikabwera pa positi. Magazi m'chimbudzi akhoza kukhaladi mudzi, kamwazi kapena likodzo, makamaka kwa inu a kunyanja, koma anene zimenezo ndi wachipatala. Magazi akamabwerezabwereza, kapena m'mimba mukasintha milungu itatu, lero kutsegula mawa kudzimbidwa, kapena mukamawonda ndi kufooka popanda chifukwa, pitani ku Zomba Central. Mukanene mosazungulira kuti mchemwali wanu anamupeza ndi khansa ya m'matumbo, ndipo mufunse zoyezedwa ndi kamera, ngakhale zitafunika kupita ku Queens.

Achimwene a ku Jali, alamu anandiuza zonse, musawakalipire. Ya transipoti ndatumiza kale pa foni yawo. Lolemba ndiimba.