Patatha miyezi 8 tikujambula maphunziro pa foni

Mu Seputembala, sukulu zitangotsegulira, ndinagula pa boma la Mchinji kachitsulo ka miyendo itatu kogwirizira foni. Ndine mphunzitsi wamkulu pa sukulu ina ya pulayimale cha ku Mkanda, ndipo ndinali nditatopa ndi kukhala kumbuyo kwa kalasi n'kumachonga fomu yomwe sinkasintha kanthu. Pano tili m'teremu yachitatu.

Nzeru yojambula mphindi 15 zokha ndinaitenga ku Teach, chida chounikira kaphunzitsidwe chomwe World Bank idatulutsa mu 2019. Kumeneko woonerera amaunika zigawo ziwiri za mphindi 15 n'kupereka mamakisi kuyambira 1 mpaka 5. Mphindizo tidakazitsatirabe, koma mamakisi tinawasiya mu Novembala. Akachokera m'manja mwa a hedi, mphunzitsi amangoti maso pa nambala, zina zonse samvanso.

Chimene chandigwira mtima ndi cha madamu a Sitandade 2, omwe ali ndi ana 112, ambiri okhala pansi. Tinakhala awiri mu ofesi, foni titaitsamiritsa pa mulu wa mabuku. M'kanemamo akufunsa kuti, "Mawu awa akuyamba ndi liwu lanji?" Mwana asanatsegule n'komwe pakamwa, iwo ayankha okha. Kachiwiri chimodzimodzi, kachitatunso. Ine sindinalankhule. Iwo ndiwo anati, "A hedi, tabwezani pamenepo." Titabweza anagwira pakamwa: "Kani ndimawalanda ana yankho!" Tinaonanso kamtsikana ka pafupi ndi chitseko katakweza mkono kanayi konse, kenako n'kuutsitsa, n'kuyamba kuseweretsa mpendero wa yunifolomu. Zaka zonsezi ndakhala ndikulemba pa fomu kuti "limbikitsani ana onse kutenga mbali", koma mawu amenewo sanawaonetsepo madamu mwana ameneyu. Lero akafunsa amawerenga chamumtima mpaka 5, ndipo amayambira kuloza akumbuyo.

Zovuta zilipo ndithu. Mwendo umodzi unaguluka mu Januwale, tinamanga ndi mphira wa chubu cha njinga ndipo ukugwirabe. Mvula ikamagwa pa malata mawu a mphunzitsi samveka, choncho masiku ambiri a dzinja tinangobwerera ku kope ndi cholembera. Ana akayankhira pamodzi foni imangoti phokoso, sungadziwe amene wakhoza. Batire timadalira sola ya kunyumba kwanga. Zoti ana azisuzumira foni zinatha patangopita masabata awiri.

Tisanayambe tinafotokozera komiti ya sukulu ndi PTA (bungwe la makolo ndi aphunzitsi), chifukwa nkhope zili m'menemo ndi za ana a eni ake. Tinapangana kuti kanema sapita pa WhatsApp, ndipo timamufufuta mwini phunziro akuona. A PEA, alangizi a sukulu za pulayimale m'dera lathu, atabwera anafuna kuonako, ndinawapempha kuti ayambe apempha mphunzitsiyo. Anavomera, ndipo anachezerana bwino kwambiri.

Bambo mmodzi wophunzitsa Sitandade 6 amakanabe mpaka lero. Sindimawakakamiza, ndimalowa ndi kope langa monga kale. Sabata yatha anandiuza kuti, "Muyambe mwajambulidwa inuyo, a hedi." Akunena zoona. Lachinayi likubwerali iwo ndiwo aimike foni pomwe ine ndizidzaphunzitsa masamu ku Sitandade 7, kenako tikaonere limodzi ku ofesi.