GCC kapena Clang: onani makina amene pulogalamu ikagwirepo ntchito

GCC ndi Clang ndi ma compiler, zida zimene zimasandutsa code kukhala pulogalamu imene makina angayendetse. Olemba mapulogalamu m'zilankhulo za C ndi C++ amakonda kukangana kuti pakati pa ziwirizi, imene imatulutsa pulogalamu yothamanga kwambiri ndi iti. Mkangano umenewu ine sindiuonera phindu. Mukaika -O2 (lamulo louza compiler kuti ifulumizitse pulogalamu) pa zonse ziwiri, pena imapambana iyi, pena inayo, malinga ndi code yanu. Kusiyana kwenikweni kuli kwina.

GCC ndiyo yakale. Richard Stallman anaitulutsa mu 1987, ndipo mpaka lero mitundu ya Linux monga Debian, Ubuntu ndi Fedora imamangira mapulogalamu ake ambiri ndi iyo. Imadziwa tima chip tating'ono tambiri: amene amagwiritsa ntchito kabolodi ka zamagetsi ka Arduino Uno amadalira avr-gcc, ngakhale ena sadziwa kuti ili mkatimo. Wolemba m'chilankhulo cha Fortran kapena Ada naye amapeza ma compiler a gfortran ndi GNAT m'banja lomwelo. Chotopetsa n'chakuti GCC iliyonse imamangidwira mtundu umodzi wa chip. Mukafuna kulembera chip ya ARM muli pa laputopu ya Intel, muyenera kuika ina padera, monga arm-none-eabi-gcc.

Clang apa imandisangalatsa. Inatuluka mu 2007 kuchokera ku Apple, itakhazikika pa LLVM, gulu la zida zomangira ma compiler, imene Chris Lattner anaiyamba ali ku University of Illinois. Clang imodzi yomweyo imamangira makina osiyanasiyana mukangoiuza mtundu wa makinawo ndi --target, koma ma header ndi ma library (mafayilo a code yolembedwa kale imene pulogalamu imadalira) a makina enawo muyenera kuwapezabe nokha. Nthawi zina simupatsidwa n'komwe mwayi wosankha: Android NDK (zida zolembera C ndi C++ pa Android) inachotsa GCC mu 2018, operating system ya FreeBSD 10 inasamukira ku Clang, ndipo pa Mac mukalemba gcc, imene imayankha ndi Clang.

Kale Clang inkatchuka chifukwa chofotokoza zolakwika momveka bwino, koma kuyambira pa GCC 4.8 kusiyanako kwakhala kukuchepa. Pamene Clang ikadali patsogolo ndi pa zida zoyendera nayo limodzi zothandiza kulemba, kufufuza ndi kukonza code, monga clangd, clang-tidy ndi clang-format. Makampani ena amaikondanso chifukwa chilolezo chake cha Apache 2.0 sichimanga manja ngati GPL, chilolezo cha GCC.

Code yanga ya pa Linux ndimaidutsitsa mwa zonse ziwiri ndi -Wall -Wextra (malamulo oyatsa machenjezo ambiri), chifukwa chimene ina yaphonya, inzake imachigwira. Mu CMake, chida choyendetsera kamangidwe ka pulogalamu, mungosintha CC ndi CXX (zimene zimatchula compiler ya C ndi ya C++), n'kumangira mu foda ina.