Masipuling'i a kagalimoto kanga ka rimoti: kuchokera m'chisanu mpaka mvula yoyamba

Kagalimoto kanga ndi buggy (galimoto yoyenda pafumbi ndi m'mabampu) ya 1/10, kutanthauza yochepa kakhumi poyerekeza ndi galimoto yeniyeni, ya batire, yokoka ndi matayala onse anayi. Ndinakagula kwa mnzanga amene anabwera nako kuchokera ku Johannesburg. M'mwezi wa Meyi ndinachotsa mashoka ake ouma n'kuikamo a oyilo, omwe anabwera ndi masipuling'i ofewa, apakatikati ndi olimba. Pano mvula yayamba kuno ku Ulongwe, m'boma la Angónia ku Mozambique, ndipo ndikunena ndi mtima wonse kuti ndalama ija sinapite pachabe. Koma ubwino wake munthu amaupeza ngati sachita ulesi kuyeza msinkhu wa galimoto, mpata uja wa pakati pa mimba yake ndi nthaka.

Anyamata amene timathamangitsa nawo pabwalo la mpira amakonda kumanga mphete ya pashoka, imene imapanikiza sipuling'i, mpaka kumapeto, amati galimoto ilimbe. Mphete ija siilimbitsa sipuling'i. Imangokweza kapena kutsitsa galimoto, basi. Kulimba kwa sipuling'i kuli m'waya wake: kunenepa kwa wayayo ndi kuchuluka kwa mizungulizo. Mukamanga kwambiri, galimoto imaima njo, mashoka atatambasuka mpaka pothera, ndiye tayala likafika pakadzenje limasowa potsikira, limangolendewera m'mwamba. Pakona imagubuduka. Zimandipweteka kuona mwana wasunga ndalama miyezi yambiri, kenaka n'kuthyola mkono wa tayala chifukwa cha kamphete.

Poyeza ndimachita chonchi. Batire ikhale m'kati, galimoto ikhale patebulo losalala. Ndimaidinikiza pansi kangapo n'kuisiya kuti ikwere yokha, kenaka ndimasuzumira kumbuyo maso ali pafupi ndi tebulo. Mashafuti opita kumatayala akagona mowongoka, osaloza m'mwamba kapena pansi, ndiye kuti ndili pafupi. Kalipentala wa pamsika anandidulira kathabwa konenepa mamilimita 22. Kakalowa pansi pa mimba kakungokhudza pang'ono, kutsogolo ndi kumbuyo komwe, ndatha. Magalimoto a mpikisano wa patala amatsika mpaka mamilimita 5, koma pabwalo lathu la timiyala ndi zitsa za udzu otero sangayende n'komwe.

Za batire musaziiwale. Nditasiya ya NiMH ya 7.2 V n'kugula ya LiPo ya 7.4 V, yomwe ndi yopepukirapo, galimoto inakwera yokha ndisanakhudze chilichonse, ndipo ndinamasula mphete zonse zinayi kuti kathabwa kakhudzenso.

Masipuling'i olimba ndinawayesa kamodzi n'kuwabwezera m'kachitini. Panthaka yathu galimoto inkadumpha ngati chiwala. Ndinakhazikika pa apakatikati kutsogolo ndi ofewa kumbuyo, chifukwa mbali yofewa ndi imene imagwira nthaka kwambiri, ndipo pafumbi chomwe chimathawa msanga ndi kumbuyo. Mphuno imachedwa pang'ono kulowa pakona, inde, koma ndimalolera zimenezo kusiyana ndi galimoto yongozungulira pamodzi ndikangoponda moto.

Chimene sindinkayembekezera ndi cha nyengo. Kuno ku Angónia tili pamtunda, ndipo m'mawa wa Juni ndi Julayi kumazizira ndithu. Oyilo wa silikoni wa nambala 400 (nambala ikakula, oyilo amakhala wolemererapo) ankagwira bwino kwambiri: ndikaigwetsa galimoto kuchokera pamsinkhu wa bondo, inkangoti khaa n'kukhala phee, osanjanja. Mu Okutobala ndinapita nayo kwa achimwene ku Moatize, kuchigwa cha Zambezi kumene kutentha kumapitirira madigiri 40. Masipuling'i omwewo, msinkhu womwewo, koma ikatera pakachulu mimba inkagunda pansi. Oyilo akatentha amapyapyala, shoka n'kumalowa mofulumira. Achimwene anati, "Mangani mphetezo, ikwere." Ndinawayankha kuti achimwene, msinkhu ulibe mlandu, ndipo ndinathira wa 500. Kugunda kunachepa pomwepo. Anzanga a mumzinda wa Tete, yambirani pa oyilo wolemererapo kuposa amene ife a kumtunda timathira.

Patapita miyezi, sipuling'i imafupika pang'ono chifukwa chopsinjika. Anga a kumbuyo nditawaimika pafupi ndi atsopano, kusiyana kunkaoneka ndi maso, ndipo la kumanzere linafupika kuposa linzake. N'chifukwa chake galimoto inayamba kupendekera mbali imodzi ndikaponda moto. Sinthani awiriawiri, osati limodzi. Tsopano ndikamasunga ndimaikhazika pakabokosi matayala ali lende, batire nditachotsa.

Fumbi ndilo ladya zambiri. Limamatirira pakachitsulo kolowa ndi kutuluka m'shoka, n'kumapala timphira ta O-ring mpaka oyilo ayambe kudontha. Chizindikiro chake ndi kamatope kakuda kunsi kwa shoka. Ndimapukuta ndi kansalu ndi mswachi wakale tikangomaliza kuthamangitsa, ndipo timphirato ndasintha kale mashoka onse anayi. Ndi totchipa koma kuno sitipezeka, choncho amene akuitanitsa mashoka aitanitsiretu timphira tapadera ndi mabotolo awiri a oyilo, wa 400 ndi wa 500. Pamene mvula yayambamu ndakweza msinkhu ndi mamilimita awiri chifukwa cha matope ndi udzu umene ukuphuka pabwalo, ndipo masipuling'i ndikuwaumitsa tsiku lomwelo, poti a kutsogolo ayamba kale kuonetsa dzimbiri pomwe penti inasupuka.