Pearl Export kapena Yamaha Stage Custom, tigule iti?

Anzanga oimba ma drum kuno ku Dedza, mpingo ukasonkha ndalama zoti mugule seti yapakatikati, ambiri timangozungulira pa ziwirizi basi.

Export ndi yakalekale, inayamba kutuluka mu 1982, ndipo ubwino wake nthawi zambiri imabwera ndi ma stand komanso pedulo yake, inu kungowonjezera ma cymbal (mbale zachitsulo zomenya zija) abwino Lamulungu lomwelo mwayamba kuimba. Thabwa lake ndi poplar, mawu ake onenepa, bass, ng'oma yaikulu yomenya ndi pedulo ya mainchesi 22 ija, imagunda mpaka mabenchi akumbuyo. Koma mu tchalitchi cha malata chopanda siling'i mawu onenepawo amasokonekera, ma tom, ng'oma zocheperapo zapamwamba ndi pambali zija, amangoti buu buu osadziwika kuti wamenya iti.

Stage Custom ndi ya birch, mawu ake ndi akuthwa, tom iliyonse imamveka payokha ngakhale kwaya ikuimba mokweza ma keyboard awiri ali pompo. Vuto lake kawirikawiri amagulitsa ng'oma zokhazokha, ma stand, pedulo, mpando mugula padera, ndiye mtengo mwauona pa intanetiwo musathamange nawo kwa abusa, muwerengere zonsezo ndi transipoti yochokera ku Joni.

Ine mtima wanga uli pa Yamaha ndithu ngati seti izikhala malo amodzi. Koma ngati izikwezedwa pa lole kupita ku misonkhano ku Linthipe, Lobi, mpaka kutsika Golomoti, tengani Export, ndalama zotsalazo mugule ma bag ndi zikopa za kampani ya Remo chifukwa zobwera nazo zija sizichedwa kutha.